Kandege ka pa Foni ya Amayi

4 Malichi

Amayi ndi Abambo,

Landirani moni wanga. Ine kuno m'thupi ndili bwino, koma mtima suli m'malo. Kaya inu kumeneko, makamaka Abambo ndi miyendo yotupa ija?

Musadabwe kuona kalata ngati tabwerera m'masiku akale. Chidukire foni Lachisanu lija tili mkati mocheza, sindinakupezeninso. Ndikaimba, kamayi ka mu foni kaja kamangoti nambala yanu sikupezeka. Ndiye ndapempha a Dalaivala a lole yonyamula katundu, amene amadutsa kwanuko, kuti anditengere kalatayi. Akaisiya kwa a Mlonda a pa depoti, ndipo ndawalongosolera kuti nyumba yanu yatsopano ndi ya geti lobiriwira kuseri kwa chipatala. Yankho mukasiye pa depoti pomwepo, malole amanyamuka sabata iliyonse.

Amayi, ndikudziwa kuti foni yagalasi imene ndinakutumiziraniyo mumaigwira ngati ili ndi mano. Koma chonde khalani pansi ndi Abambo, muone zinthu izi mmodzi akuwerenga wina akuyang'ana.

Yambani ndi pakona ya pamwamba. Pamakhala timizere toimirira, kutalika mosiyana ngati masitepe. Imeneyo ndiyo netiweki, ndiye kuti mmene foni ikumvanirana ndi nsanja yachitsulo yaitali ija imakhala pafupi ndi msika. Timizere tikachuluka, zikumvana bwino. Tikasowa, foni ili yokhayokha, ngakhale batire itadzaza. Batire ndi netiweki ndi zinthu ziwiri, Amayi, ndakuuzani kambirimbiri ndipo nthawi zonse mumati mwamva.

Ngati timizere palibe, mwina simu khadi yasuntha. Ndi kakhadi kakang'ono kamene kali m'mbali mwa foni, kamene kamauza nsanja kuti foni iyi ndi ya uje. Abambo zala zawo zinazolowera tizitsulo ta m'maloko, atha kukatulutsa ndi singano n'kukabwezera bwinobwino.

Ngati timizere tilipo, ndiye kuti data yatha. Mayunitsi ndi oimbira wamba. Data ndi imene imanyamula zithunzi ndi mauthenga a mawu amene timatumizirana aja. Pitani kwa mayi wogulitsa mayunitsi akuikireni bandulo. Zikakanika zonsezi, funsani eni nyumba ngati ali ndi wayifai. Kamakhala kabokosi kothwanima timagetsi, dzina lake rauta, kamene kamagawa intaneti m'nyumba popanda waya. Adzafunika kukupatsani pasiwedi. Abambo amva msanga pamenepa: rauta ndi chitseko, pasiwedi ndi kiyi. Moyo wawo wonse akhala akudulira anthu makiyi, apempheko nawo kamodzi.

Za ulendo wanga, pasipoti ikadali ku ofesi yoona za anthu obwera, komwe ndinaipereka kuti andiwonjezere chilolezo chokhalira kuno. Akuti ituluka masiku omwewa. Ikangotuluka ndigula tikiti, mwinanso ndifika kalatayi isanafike. Koma ndiuzeni zoona zake za Abambo. Adokotala anati chiyani Lolemba lija? Akudya? Akugona chogona kapena akadali kugona chokhala?

Ndine mwana wanu,
Kawaya


9 Malichi

Mwana wanga,

Moni wochokera kwa amako ndi abambo ako. Ife tadzuka, kaya iwe. Uthenga wako wa pa foni tauona, ndipo nyumba ino yasanduka ina.

Paja Lachisanu lija unati, "Ndikagula tikiti ya ndege mudzaona pa foni." Utangotero foni inaduka ili patsaya langa. Tinadikira, foni ili duu. Ine ndinali nditayamba kale kukunena mumtima kuti mwana uyu mawaya a kuntchito kwake aja amukulunga mutu. Dzana abambo ako anati ndiwapatse aione. Anatenga kagalasi kawo kokulitsira zinthu, kamene amaonera mano a makiyi, n'kuyang'ana pakona. Kenako anati, "Amake Kawaya, tabwerani mudzaone mwana wanu."

Kandege, mwanawe. Kakang'ono ngati udzudzu, koma mapiko ake onse alipo, mphuno yaloza kumwamba. Ndinakhala pansi pomwepo.

Abambo ako andimasulira kuti munthu akagula tikiti, a ndege amayamba amutsekera foni mpaka adzatere, n'chifukwa chake sukuimba. Ine sindinakwerepo ndege, nditsutsa bwanji? Tsiku lokha ndi limene sitikulidziwa. Foni taiika pa shelefu pamwamba pa bedi, ndipo ndalamula kuti aliyense asaikhudze, kuopa kuti kandegeko kangafufutike. Ndimangoitchaja basi.

Usamve za ena, umve za ine. Adokotala akuti mtima wa abambo ako watopa, sukukoka madzi bwino, n'chifukwa chake miyendo ikutupa. Awonjezera mapilitsi. Sabata yatha chakudya ankangochiyang'ana. Koma chionere kandegeko amaliza mbale kawiri, ndipo dzulo anandituma kuti ndiwatulutsire mpando pakhonde. Anameta ndevu okha. Anandifunsanso ngati malaya awo oyera ali ochapa, ngati kuti akubwera ndi bwana wamkulu, osati kamtsikana kamene kankawabera maswiti m'thumba.

Kalatayi ndikukaisiya pa depoti ya malole, eni nyumba akuti amanyamulira anthu makalata. Ngati ikupeza usananyamuke, ubweretse masokosi otakasuka, awa akuwadula m'miyendo. Abambo ako akulanda cholembera.

Amako

Kawaya, amayi anga aang'ono, ndine. Amako akunama, mbale ndinamaliza katatu. M'envulopumu muli kiyi. Ndi ya chitseko cha nyumba yatsopanoyi, ndadula ndekha ndi tupa nditakhala pabedi, chifukwa makina anga aja tinasiya kwa anthu posamuka. Dzanja likunjenjemera koma ndaiyesa, ikutsegula. Ukadzafika ife tili kuchipatala usadzaime panja ngati mlendo. Pokhoma uzikokera chitseko kwa iwe pang'ono, lokoyo ndi yaulesi ngati mwini nyumba. Ukakhala mundege usakhale pawindo, umachita chizungulire iwe. Ndikudikira.

Abambo ako


12 Malichi

Amayi,

Moni. Sindikudziwa ngati kalata yanga yoyamba yafika, koma lole ina ikunyamuka mawa ndipo sindingathe kungokhala.

Foni yanu sikupezekabe. Ndikatumiza uthenga, pambali pake pamabwera kachizindikiro konga kamene aphunzitsi amachonga m'kope. Kakakhala kamodzi ndiye kuti uthenga wachoka kuno. Tikakhala tiwiri ndiye kuti wafika kwanu. Anga onse ali ndi kamodzi. Ndimadzuka n'kuyang'ana, ndikamadya ndimayang'ana, mpaka mnzanga amene ndimakhala naye chipinda chimodzi wayamba kundibisira foni.

Ndinaimbira mayi a nyumba yoyandikana ndi kumene tinkakhala kale. Akuti chisamukire sanakuoneni, ndipo kumene muli sakudziwako. Ndinaimbira malume, akuti iwonso akukusowani, amaganiza kuti ndikudziwa ndine. Ndinaimba kuchipatala. Foni inalira mpaka kutopa, ndipo tsiku limene munthu anayankha anati za odwala sanena pa foni.

Lero ndinali m'denga la ofesi ina, kukwawa ndi mawaya m'manja, fumbi lili m'mphuno. Tinawaikira marauta atsopano. Titamaliza, bwana wa ofesiyo anati ayese ngati zikugwira, ndipo anaimbira bambo ake pavidiyo. Nkhalamba inaoneka pagalasi ikuseka, ikufunsa ngati wadya. Ine ndinali pamakwerero, mutu uli m'denga, ndipo ndinakhala momwemo mpaka misozi itauma. Tsiku lililonse ndimalumikiza anthu osawadziwa. Makolo anga okha ndi amene ndikulephera.

Mnzangayu akuti mwina mwandibuloka. Kubuloka ndi kutsekera munthu mmodzi kunja ena onse akulowa. Ndinamuseka, ndinati amayi anga ngakhale kukweza mawu a foni amadikira Abambo. Koma maganizo akakulowa satuluka. Kodi munakwiya kuti sindinabwere pamene munkasamuka? Ngati ndi choncho nditukwaneni, koma nditukwaneni pa foni. Kapena pali chimene mukundibisira? Amayi, ine si mwana wakhanda. Ngati Abambo afooka, ndiuzeni.

Ndili ndi nkhani yoipa, ndipo ndimafuna kuinena ndi pakamwa. Ku ofesi kuja andibwezera mapepala, akuti kalata ya abwana anga inalibe chidindo. Ndakonza, ndaperekanso, koma ndabwerera kumapeto kwa mzere. Pasipoti aisunga mpaka kumapeto kwa Epulo. Ndinawachonderera, ndinawauza za Abambo, mayi wa pawindo anangoti aliyense amene ali pamzerewu ali ndi bambo. Popanda pasipoti sindingadutse ngakhale geti la bwalo la ndege. Choncho tikiti sindinagule, ndipo mwezi uno sindibwera.

Abambo muwauze mwanzeru. Muwauze kuti ndikangowapeza pa foni tizicheza tsiku lililonse mpaka atope nane.

Kawaya


17 Malichi

Mwana wanga,

Moni. Kalata yako ya pa 4 a Mlonda abweretsa dzana. Abambo ako anaseka za pasiwedi mpaka kutsokomola. Taona kuti unalemba usanagule tikiti, chifukwa kandege tinakaona pambuyo pake. Ndiye pasipoti inatuluka, tathokoza.

Zimene unalamula ndachita, usati amako ndi osamva. Timizere palibe. Pamene ukunena kuti pamakhala timizere ndi pomwe pali kandege. Simu khadi abambo ako anakana kuitulutsa, akuti tingasokoneze ulendo. Eni nyumba rauta alibe, akuti akanakhala nayo akanakweza lendi.

Kwa mayi wa mayunitsi ndinapita. Anatenga foni, anangoyang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Amayi, vuto ndi kandegeka. Kakakhalapo foni siigwira." Ine ndinati, "Ndikudziwa, mwana wanga ali paulendo wa ndege." Iye anati, "Ayi, ndikuti tikachotse," chala chili kale pagalasi. Ndinamulanda foni ngati akundibera. Ndinati, "Muchotse mwana wanga? Mwagula ndinu tikitiyo?" Anthu a pamzere anayamba kuseka, iye n'kumayesa kulongosola zachizungu zake, ine ndinanyamuka. Anthu ena akaona mnzawo zikumuyendera sakondwa.

Koma mwanawe, ndege yake ndi yotani yosafika? Ndafunsa mayi wina kuchipatala amene mwana wake ali kunja. Akuti nthawi zina munthu amagula tikiti ya tsiku lakutali chifukwa ndi yotsika mtengo. Ngati ndi zimenezo, usaumire. Sintha tsiku.

Ndikuuza zoona poti wafunsa zoona. Kudya kuja kwabwerera m'mbuyo. Kutupa kwafika m'mimba. Akagona chagada amabanika, ndiye amagona chokhala, nditawatsamiritsa mapilo ndi zovala zopinda. Kupita kubafa ndi ulendo, amapuma panjira atagwira khoma. Adokotala anandiitanira pambali n'kundifunsa kuti ana ali kuti. Ndinati mwana ndi mmodzi ndipo ali m'njira. Anati, "Zili bwino, afulumire."

M'mawa uliwonse abambo ako asanamwe mankhwala amati ndiwapatse foni ndi kagalasi kawo. Amayang'ana, n'kunena kuti, "Ikadali m'mwamba." Akatero ndiye amamwa. Galimoto ikaima pageti amadzikonza kolala. Ine ndatopa kuwauza kuti ndi ya eni nyumba.

Fulumira, Kawaya. Sindinakupemphepo chinthu mokuwa, koma apa ndikukuwa.

Amako


21 Malichi

Amayi, Amayi,

Moni ndipereka bwanji? Kalata yanu ya pa 9 ndailandira lero pamodzi ndi kiyi. Ndawerengera pa depoti pomwepo, a Dalaivala akadalipo.

Kandegeko si ine. Sindinakatumize. Si tikiti, si uthenga, sikakudziwa n'komwe kuti muli ndi mwana. Ndi kabatani ka mu foni momwemo. Mundege salola kuti mafoni azilankhulana ndi nsanja, ndiye opanga mafoni anaika kabatani kamodzi kotseka zonse nthawi imodzi: netiweki, data, wayifai, ngakhale bulutufu imene imalumikiza foni ndi sipika. Munthu akakwera ndege amakadina, akatsika amakadinanso. Inu tsaya lanu linakadina Lachisanu lija, n'chifukwa chake foni inaduka. Pamene ndinkati mudzaona pa foni ndinkanena chithunzi cha tikiti. Ndinakulemberani za simu khadi, za rauta, za zonse, koma kameneka sikanandibwerere m'mutu, ine amene ndimadya za ntchito imeneyi.

Foni yanu ndi yabwinobwino. Nsanja ili pompo, ikukufunani. Chitani izi tsopano, musanamalize n'komwe kuwerenga. Ikani chala pamwamba penipeni pa galasi, mukokere pansi ngati mukutsitsa katani. Pabwera timabokosi. Kamene kali ndi ndege kakhala kowala kuposa tinzake. Kadineni kamodzi kokha. Kandege kachoka, timizere tibwera, ndipo ine ndiimba nthawi yomweyo chifukwa foni ili m'manja mwanga usana wonse. Palibe chimene chiwonongeke. Simukufufuta ulendo wanga, mukungotsegula chitseko.

Kalatayi itenga masiku, ndiye ndapempha a Dalaivala nambala ya a Mlonda. Ndawaimbira, ndawapempha kuti apite kwanu ndi foni yawo kuti ndilankhule nanu. Apita madzulo ano ataweruka, apeza chitseko chokhoma. Eni nyumba awauza kuti Abambo awagoneka m'chipatala kuyambira dzulo. Amayi, ndamva zimenezi kwa munthu amene sindinamuonepo nkhope. Asiya uthenga kwa eni nyumba kuti muzimitse kandegeko. Ndinawafunsa ngati atenga nambala ya eni nyumbayo, akuti sanaganize.

Abambo, ngati Amayi akukuwerengerani: kiyi ndalandira, ndaimanga pa chingwe m'khosi. Mano ake ndi osalala ngati odula ndi makina. Kubwera ndibwera, koma si mwezi uno. Lolani ndikumveni mawu. Ndili ndi nkhani zambiri zoti museke, ndakhala ndikuzijambula m'mauthenga, zonse zaima pakhomo pa foni yanuyo.

Dinani kandegeko, chonde.

Kawaya


25 Malichi

Kawaya,

Moni. Ndikulembera pa benchi ya panja pa wodi, pepala lili pabondo, ndiye usadandaule ndi zilembo.

Abambo ako ali muno kuyambira Lachinayi. Awaika chubu cha mpweya m'mphuno. Dzulo ndinapita kunyumba kukatenga zovala, ndipo eni nyumba anandipatsa zinthu ziwiri. Choyamba ndi kalata yako ya pa 12, yonena kuti tikiti sunagule ndipo mwezi uno subwera. Chachiwiri ndi uthenga wa pakamwa umene a Mlonda anasiya: "Mwana wanu akuti muzimitse ndege ija."

Ndinakhala pabedi la abambo ako zovala zili m'manja. Ndiye kuti unatumiza kandege usanagule tikiti, kuti utisangalatse? Tsopano zakanika, ukuti tizimitse, nkhani ithe? Za pasipoti sindikukuimba mlandu, maofesi ndimawadziwa. Koma kuzimitsa ndiye ayi. Iweyo uli kutali, suona zimene ndikuona ine.

Foni ili pansi pa pilo wawo. Anesi anafuna kuiika m'kabati, iwo anakana mpaka makina a pambali pa bedi anayamba kulira. Odwala anzawo onse m'chipindamo akudziwa kuti bambo wa makiyi ali ndi mwana amene akubwera pa ndege. Wa bedi loyandikana ndi lawo amawafunsa m'mawa uliwonse kuti, "Yatera?" Iwo amati, "Ikuzungulira, ikusowa poimika." Chipinda chonse chimaseka. Chakudya sakulandira, mankhwala amalavula, koma ndikawaonetsa kandegeko amatsegula pakamwa.

Ndiye ukuti ine, ndi chala changa, ndikafufute pamaso pawo? Ndiwauze kuti mwana wanu uja sakubwera? Ukufuna ndiwaphe ndine? Kalata yako ndaibisa m'chikwama ndipo sindiwawerengera. Ukadzabwera udzandikalipire.

Wafunsa ngati ndinakubuloka. Mwana wopusa iwe. Ndikanadziwa kumene amabulokera anthu ndikanayamba ndi eni nyumba. Ndimalakalaka mawu ako mpaka ndimalankhula ndekha pochapa. Ngati uli ndi njira ina yoimbira, imba. Uwauze a ndegewo akutsegulire foni, poti ulendo wake palibe.

Anesi andiitana, akufuna kuwatembenuza.

Amako


27 Malichi

Amayi,

Moni. Ndalandira yanu ya pa 17. Mayi wa mayunitsi uja ankanena zoona. Bwererani kwa iye, kapena patsani nesi aliyense, aliyense amene muone ali ndi foni yagalasi. Ndi ntchito ya chala chimodzi.

A Mlonda ndawavutitsa mpaka ndikuchita manyazi. Nthawi yoonera odwala imakumana ndi nthawi yawo ya ntchito, ndipo akachoka pageti awachotsa ntchito. Lamlungu anayesa ataweruka, a pageti la chipatala anawabweza kuti nthawi yatha. A Mlondawo akuti ayesanso akapeza wowagwirira.

Kuntchito ndapempha masiku, ndimangokhala pa ofesi ya mapasipoti kuyambira m'mawa. Andizolowera ngati mpando. Dzulo ndinagwada, Amayi, pamaso pa anthu. Anandiuza kuti ndidzuke ndikudetsa mzere.

Mauthenga ndikutumizabe. Kochonga kakadali kamodzi. Muwagwire dzanja Abambo m'malo mwanga, muwauze kuti asafulumire.

Kawaya


2 Epulo

Mwana wanga,

Moni wa amako.

Kalata yako ya pa 21 a Mlonda abwera nayo m'mawa uno. Atalowa pageti anaona mipando ya eni nyumba itandandalikidwa pakhonde, anavula chipewa. Ndawapempha kuti asakuuze kanthu, chifukwa imeneyo ndi ntchito yanga.

Abambo ako anatisiya Lamlungu masana. Tinawaika dzana. Malume ako anafika mochedwa, ndinachita kutuma munthu pa basi, poti foni ndinkati siigwira.

Sanavutike kwambiri pomaliza. M'mawa mwake analephera kugwira kagalasi kawo, ndiye anangondifunsa kuti, "Ikadalipo?" Ndinati ilipo. Anati, "Ndiye afika. Mumuuze chakudya chili pa shelefu." Panalibe chakudya pa shelefu iliyonse, mutu unali utayamba kusokonezeka. Koma nkhope yawo inali ya munthu amene akudikira mlendo wake. Sanadziwe kuti sukubwera.

Ndawerenga kalata yako nditakhala pabedi lawo. Ndinabwereza pamene walemba kuti foni ndi yabwinobwino. Kenako ndinaitenga, ndinaika chala pamwamba, ndinakokera pansi ngati katani. Timabokosi tinabwera monga unanenera. Ndinadina. Sindinagwiritse n'komwe mphamvu, Kawaya. Kandege kanachoka, timizere tinakwera tonse mpaka kodzaza.

Foni inayamba kunjenjemera m'manja mwanga osaleka, mauthenga ako akulowa motsatizana. Ndatsegula angapo. Mu wina ukuwauza abambo ako za bwana wako amene anagwera mu denga mwendo umodzi, ukuseka usanamalize nkhani. Akanaseka mpaka kutsokomola. Mu wina ukuimba kanyimbo kaja ankaimba akamadula makiyi. Mu wina sukulankhula, ukungopuma. Zonsezi zinali pansi pa pilo wawo, pafupi ndi khutu lawo, masiku onse aja. Mayi wa mayunitsi anandiuza poyera, uthenga wako unandipeza iwo akadali moyo, ine ndinamva zanga. Ndinkati ndikuwasungira mwana wawo, pamene ndinali nditamutsekera panja. Sindikudziwa ngati udzandikhululukire. Ine sindinayambe n'komwe kuganiza zodzikhululukira.

Chidinire kandegeko foni sinasiye kulira. Dzina lako likuwala pagalasi. Ndikudziwa kuti waona tochonga tako takhala tiwiri, ndipo panopa ukudumpha m'chipinda mwako, ukuuza mnzako uja kuti zatheka. Ukuganiza kuti ndikayankha undiuza kuti, "Apatseni Abambo." N'chifukwa chake ndathawira ku cholembera, pepala silifunsa mafunso.

Koma kalatayi ingatenge sabata ziwiri, ndipo wadikira kokwanira chifukwa cha ine. Yasiya. Yayambanso.

Ndikuyankha, mwana wanga. Ukhale pansi.